Muyezo wa Phazi la Mayi

Ndatsekula shopu dzuwa lisanatere pa Chitakale,
phiri likadali lofunda nkhungu kumutu.
Ndapukuta fumbi la Okutobala pagalasi,
gogoda ndaika pamwamba, zafulati pansi,
ndolo pakansalu kakuda,
zikwama pamisomali isanu.
Wachisanu ndi chimodzi unazuka chaka chatha,
eni nyumba akuti abwera mawa.

Ndi sabata ya anakubala.
Ndalemba ndi choko pachitseko kuti mitengo yatsika,
ngakhale ku Limbe kokapikula sinatsike,
ngakhale a banki m'khonde akundidikira Lachinayi.

Oyamba kulowa ndi a Namakhwa, aphunzitsi,
afuna duku logwirizana ndi chikwama.
Anenerera mpaka ndamva ludzu,
atuluka akuseka, phindu langa lili m'manja mwawo.

Kenako mnyamata wa kabaza, Layitoni,
thukuta lalemba mapu pamsana pa malaya.
Wayedzamitsa njinga, wapukuta mapazi kawiri
ngati akulowa kwa dokotala.
Wapisa m'thumba,
watulutsa kaluzi ka nthochi ka mfundo ziwiri.
“Ndawayeza usiku ali m'tulo.
Nambala sindikuidziwa. Eni akenso saidziwa.”

Ndagwira kaluziko, manja anga azizira.

Phazi ili ndikulidziwa.
Ndi lalifupi, lotambalala kutsogolo,
zala zake zinamwazikana pogwira matope a mtsetse.
Ndi la mayi anga, a Felesiya,
zaka makumi atatu m'mizere ya tiyi,
dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno,
kapitawo akuwerenga sikelo mokomera bwana.
Zikang'a zawo zinkameza timiyala,
madzulo ndinkazitokosa ndi pini pansi pa koloboyi.
Kilo ndi kilo anandigulira yunifolomu,
kilo ndi kilo, sofiya zanga zoyamba,
iwo akuponda pansi.

Phindu langa loyamba ndinawagulira zachikopa,
zofiirira, za kalamba kam'mbali.
Anaziyang'ana nthawi yaitali, nazinunkhiza.
Mpaka lero amazinyamula m'jumbo popita ku Mvano,
amatsuka mapazi pamjigo wa kuseri kwa tchalitchi,
amavalira pakhomo, amavulira pakhomo pomwepo.
Ndikadandaula amati,
“Nsapato ikang'ambika imafuna ndalama, mwanawe,
phazi limadzisoka lokha.”

Ndayala kaluzi m'nsapato imodzi, yachepa.
Ina yakwana m'litali, m'mimba yakana.
Yachisanu yavomera:
yakuda, yofewa, yosafuna polishi.
Layitoni wawerenga timapepala tonyowa ndi thukuta,
tapelewera zikwi ziwiri.
Wayang'ana pansi. Ndatsekula buku la ngongole,
bolopeni yakana kulemba,
ndipo sindinafune kubwereka ina.

Wamanga katoni pakaliyala ndi mphira katatu.
Kaluzi wandisiyira pakauntala.
Ndakaponya m'chitini cha mabisiketi
momwe muli tina khumi ndi kamodzi:
ulusi wa thumba la feteleza, kaphesi,
pepala la kope lojambulidwa phazi ndi makala.
Amayi a m'boma lino ali m'chitinimu,
sanapondemo m'shopu muno,
koma ndimawadziwa kuyambira chidendene mpaka chala.

Magetsi athima cha m'ma folo.
Ndawerenga za lero, lendi sinakwane.
Ndikukoka chitseko, minibasi ya ku Limbuli yaima,
atsika ndi zinanazi ziwiri ndi jumbo ija m'khwapa,
fumbi lofiira mpaka m'akakolo.
“Ndimati ndidzaone ngati ukudya.”

Ndawakhazika pampando wa makasitomala.
Tsiku lonse ndagwadira mapazi a eni,
apa ndagwada ndi beseni la madzi ofunda.
Akukana, akuseka, akuti ndiwononga sopo.
Kunja phiri layamba kuda.
Ndagwira chidendene chawo m'manja onse awiri,
ndipo sindikufunsa nambala.