Mizere ya pa Mphuthu

Ana anga sindinkawawerengera zaka,
ndinkawayeza ndi madoko.
Pa mphuthu ya chitseko cha boti lathu
ndinkakanda ndi msomali: mzere, dzina la mwana,
ndi malo amene tamanga chingwe usiku umenewo.

Jucilene, Canutama, dzino loyamba.
Analiyesera pa buku la nyimbo
bambo ake ali pakati pa ulaliki.
Tsamba limenelo mpaka lero timaliimba pamtima.

Nivaldo, Tapauá, kuima yekha.
Anaphunzira kuyenda pa matabwa ogwedera,
ndiye tsiku limene tinamutsitsira kumtunda
anadzandira ngati wamwa, nagwa khu,
nakwiyira nthaka chifukwa chongokhala duu.

Mwamuna wanga Adelson ali ndi mawu
okwanira mtsinje wonse wa Purus,
koma injini siimva Malemba.
Ndamuona zaka makumi awiri ndi zitatu,
Baibulo m'khwapa, sipanala kukamwa,
m'mawa kubatiza, masana chagada m'girisi.
Chopereka chinkabwera chikupuma:
nkhuku, kamba, tsiku lina kapusi
kamene tinakabweza mwaulemu.
Dizilo yekha ndiye sankabwera m'mbale.

Pali mzere wina pansi penipeni.
Ameneyo sindinamuimike.
Ndinamugoneka m'mbali mwa thabwa, nʼkukanda.
Edivan. Masiku khumi ndi anayi. Malungo.
Malowo alibe dzina pa mapu,
ndi pokhota chabe, pali mtengo wa mphira wopendama.
Tikafika pamenepo Adelson amazimitsa injini,
madzi nʼkumatitenga okha,
ndipo mlaliki, kamodzi pachaka,
amasowa chonena.

Nivaldo, Beruri, madzi atasefukira: ubatizo.
Bambo ake anamumiza nʼkuyamba kulira,
naiwala kumuvuula.
Ndinakuwa ndili m'boti:
Mutulutseni, ameneyo ndi wanganso!
Mpingo unaseka mpaka aleluya anasokonekera.

Jucilene anaphunzira kuwerenga
pa makatoni a mankhwala ndi pa Genesis.
Mzere wake unadutsa wa ine ku Pauini
ine osazindikira kuti mwana akapitirira mutu wako
amayamba kuona kumene iwe suona.

Dzulo wakwatiwa ku Lábrea.
Mnyamatayo ndi Osmar, wokonza mafiriji,
munthu amene sanagonepo pa madzi.
Nditamufunsa mwana wanga, bwanji ameneyu,
anati: Amayi, ndikufuna zenera
loti m'mawa lizindionetsa zomwe linandionetsa dzulo.

Zinandilasa, ndisaname.
Ndinapita kumbuyo kukachapa zochapachapa kale.
Kumeneko ndi kumene kumakhala ndimu wanga,
amene ndinamudzala m'chitini cha palafini
chaka chimene tinanyamuka ku Manaus,
ndikuti tikakhazikika ndidzamuwokera pansi.
Masamba ali nawo. Minga ali nayo.
Chipatso, ngakhale chimodzi.

Adelson anadalitsa ukwatiwo mawu akunjenjemera,
naitchula mkwatibwi dzina la paukhanda
limene anthu a ku Lábrea sanalimvepo.
Usiku anthu akuvina kumtunda
ndinatenga mpeni wa kukhitchini
nʼkumasula mphuthu ija, sikuluwu imodziimodzi.
Dzimbiri linakana, ine ndinakananso.

Ndamupatsa Jucilene.
Akaikhome pa khomo losayenda,
ana ake akaime pamenepo,
mizere yambiri, dzina la malo limodzi.
Ndamuonetsa mzere wapansi uja,
ndati uwu usadzaupake penti.
Ndimu ndamusiyanso. Mwina m'nthaka aganiza bwino.

Tsopano chitseko chathu sichitsekeka,
mphepo ikulowa ndi udzudzu wake.
Nivaldo wagona pa chiwongolero, wamera ndevu.
Mawa folo koloko tinyamuka:
kumtunda kuli maukwati atatu otidikira
ndi manda amodzi ofuna pemphero.
Adelson akuti apala thabwa lina.
Ndamuuza kuti asafulumire,
ndilibe womuyeza.

Pokhota paja tifika Lachinayi.