Naini Wachiwiri

Mvula ya ku Huddersfield sigwa, imangonyowetsa.
Ndalowa m'kachipinda ka pansi pa masitepe
momwe amasungamo ndowa, tsache ndi bokosi la mafoni,
lalikulu, la eni nyumba, lofunda ngati mimba ya mphaka.
Mwezi watha maloya a pamwamba adabwera ndi kabokosi kawo,
ine ndidakabereketsa kumsana kwa lalikululi
kuti kazilankhula ndi dziko kudzera pakamwa pa mnzake.

Lero bilu yabwera.
A Hargreaves ailemba mzere wofiira kawiri
mpaka bolopeni kuboola pepala.
Tidagwirizana, akutero, za kunja kwa dziko zitsekedwe,
manambala odula aja atsekedwe,
ya ambulansi yokha ndiyo idutse usana ndi usiku.
Nanga izi zatulukira pati?

Zatulukira pa naini.
Kuti utuluke m'kabokosi, umadina naini.
Kuti utuluke m'lalikulu, umadinanso naini wina.
Mlonda wa kabokosi ndidamuphunzitsa ndekha:
ukaona maziro awiri kutsogolo, bweza.
Koma wina akamuonetsa naini poyamba
amayesa ndi wa m'nyumba momwemo, akupita kukapempha sitepala pansi.
Mlonda wa lalikulu naye amati,
wochokera kwa mnzanga wasechedwa kale.
Alonda awiri pakhomo limodzi,
aliyense kugona podalira maso a mnzake.

Ndatsegula kaundula wa makina.
Lachiwiri ndi Lachisanu, nthawi itatsala pang'ono kukwana eyiti usiku,
foni ya pa desiki la kukona.
Naini, naini, ziro, ziro,
kenaka thuu, sikisi, faifi.
Manambala atatu amenewo ndimawadziwa ngati chipsera cha pa bondo langa.
Mphindi khumi ndi imodzi. Mphindi zisanu ndi zinayi.
Tsiku lina mphindi imodzi yokha, kasanu motsatizana,
ngati munthu wogogoda pakhomo pomwe sakuyankha.

Maloya amaweruka faifi.

Ndidakumana nawo pa korido, akukoka chingwe cha huva,
tsitsi lili m'kaneti, magolovesi achikasu.
Adawerenga baji yanga, Kalilangwe,
nkuzimitsa huva ndi chala cha kuphazi.
Mwaswera bwanji, achimwene?
Zaka zisanu ndi ziwiri m'tauni muno
palibe adandifunsapo choncho pa ntchito.

Ndi a Nachisale, kwawo ku Ntcheu, mbali ya ku Bilira.
Mwana wawo wamkazi akulemba fomu folo,
amakhala ndi azakhali ake a foni ya mabatani,
yosadziwa intaneti, yongodziwa kulira.
Sindidawafunse kanthu.
Iwonso sadafunse chomwe ndimachita pansi pa masitepe,
koma adayang'ana laputopu yanga nthawi yaitali.

Lamulo lake ndi lalifupi, mzere umodzi:
naini akatsogolera maziro awiri, bweza.
Ndidalemba. Ndidasunga.
Ndidakwera pamwamba kukayesa pa desiki la kukona lija,
pomwe chogwirira cha foni chimanunkhira mankhwala otsukira.
Naini, naini, ziro, ziro,
ndipo ndisanafike nkomwe kwathu
foni idalira kulira kuja kosalekeza, kopanda mpumo,
kwa khomo lomwe latsekedwa bwino.
Ntchito yabwino. Ndimaidziwa ntchito yanga.

Pa fomu ndidalemba kuti cholakwa ndi cha makina
ndi cha amene adawalumikiza, yemwe ndi ine.
Si bodza.
Malo olembapo dzina la woyimba ndidasiya choncho,
a Hargreaves adasayina osawerenga, foni ina ili pakhutu.

Potuluka ndidawabwereka yanga a Nachisale.
Adaima pafupi ndi lifiti, nsana kwa ine,
akufunsa za pepala la masamu
ndi ngati nsapato zija zidafika.

M'sitima yopita ku Leeds mawindo achita nthunzi.
Foni ili m'thumba, ikadali yofunda.
Pa laini yanga palibe mlonda, palibe naini,
palibe adanditsekera kalikonse,
koma ndawerenga pa zala:
masabata asanu ndi limodzi
chiyimbireni bambo anga.