Kupala Khoma ku Joni

Kapitawo watipatsa masabata asanu.
Akuti pofika Januwale muno mugona ana a ku yunivesite,
anayi pa chipinda, lendi mwezi usanathe.
Ine wandiloza khoma la kum'mawa.

Utoto wapamwamba ndi wachikasu, wosavuta,
pali abakha ojambula ndi manambala olekeza pa teni.
Mayi wa magwinya pa getipo akuti mwana wake
anaphunzirira muno kumanga zingwe za nsapato.
Lero ali kundende.

Pansi pake wotuwa, mabowo a misomali ali mbwee.
Makina makumi anayi ankasoka maovolosi,
mpaka tsiku lina azimayi anapeza loko pachitseko,
malipiro a Novembala ali m'kati.

Ndikapala wobiriwira, mphuno imandiuza yokha.
Apa panagona amuna amene mgodi unawatafuna n'kuwalavula,
akutsokomola fumbi la golide wa eni ake,
maso pa zenera ili, kuyang'ana milu ya mchenga
imene anaitulutsa okha pansi.

Kenako njereza.
Yoyera, youma gwa, yokana chitsulo.
Mnyamata wina analembapo Chilatini ndi pensulo,
mawu amodzi kasanu ndi kawiri,
ngati ankaopa kuti pofika m'mawa amuthawa.
Kaya anadzozedwa, kaya anatsata mkazi ku Benoni,
khoma silinena.
Belu lawo linapita pa sikelo ya ogula zitsulo,
m'nsanjamo mwatsala nkhunda ndi waya wa intaneti.

Lachinayi magetsi atazima ndinalowa kukhitchini ndi tochi ya foni.
Kuseri kwa chitseko, m'munsi, poti uchite kugwada,
wina anakanda ndi msomali:
Zakeyu Chagwamnjira, kuki, Nyasaland.

Ndinakhala pansi.
Iwe mtchona, unkawaphikira chiyani ana a azunguwo?
Ankati akamaimba m'tchalitchi, iwe ukusenda mbatata,
unkayankha ndi nyimbo iti?
Kwanu anakudikira mvula zingati
asanagawane mbuzi zako?
Inenso pasipoti inatha chaka chatha.
Mwana wanga ku Ntcheu amanditcha "a pa foni".

Kunja matakisi akulira, jakaranda wathothokera pa magalimoto.
Kapitawo akuti paka, usasiye banga.

Ndatenga msomali.
Pansi pa dzina lako ndakanda langa, Dafuleni Kamtsitsi,
ndapaka makoti awiri a utoto woyera.
Wodzapala m'tsogolo adzatipeza tili awiri.