Mpata wa Zala Ziwiri

Ndine ndinalemba zikwangwani zonse ziwiri.
Sindikukana, bwana woweruza,
penti wobiriwira akadali m'zikhadabomu.

Choyamba ndinalemba ku Chinamwali,
Mayi Esitere Namakhwa atandigwirira makwerero,
akuyang'ana chilembo chimodzichimodzi
ngati akusankha miyala mu mpunga:
MWAYIWATHU.
Amuna awo anali atangochotsedwa ntchito
kosindikizira mapepala a boma,
tindalama totsanzikira tinagula uvuni ndi malata asanu.
Anandilipira theka.
Theka linalo ndinadya masikono mpaka mwezi unatha.

Chachiwiri ndinalemba ku Matawale
patapita mvula zinayi.
Che Ajibu Mkwanda anabwera ndi pepala la ku Blantyre
la chidindo chofiira, lokutidwa m'pulasitiki.
Anati, lemba monga alembera aboma.
MWAYI WATHU.
Pakatipo ndinasiya mpata wa zala ziwiri,
ndinayeza ndi zala zomwe ndalumbirirazi.

Lero kampata kaja kadzaza khoti.
Loya wa uku akuti ndi chigwa,
munthu angayendemo tsiku lathunthu
ngati wochoka pamwamba pa phiri kupita ku Jali.
Loya wa uko akuti ngakhale nyerere singadutsepo,
chifukwa mwana akatumidwa buledi
sapumira pakati pa dzina,
ndipo wakabaza samva mpata, amangopalasa.

Mayi Namakhwa alibe chidindo.
Atulutsa kope la ngongole lothimbirira ndi mafuta,
apinda mkono wa bulauzi kuonetsa zipsera za uvuni.
Akuti matumba khumi a fulawa anatsitsidwa ku Matawale
koma kalata yolonjerera inapeza iwo.
Akuti mayi a mkwatibwi wina wa ku Sadzi
anawatukwana msika wonse ukumva
chifukwa cha keke yosapsa mkati
imene iwo sanaione n'komwe.

Che Mkwanda sakweza mawu.
Akuti anaima pamzere masiku atatu,
kugona kwa mlamu ku Ndirande,
mtsikana wa pakompyuta anafufuza
nanena kuti dzinali lilibe mwini.
Akuti Mwayi ndi mwana wawo,
anabadwa iwo atadikira zaka zisanu ndi zinayi,
azakhali atayamba kale kunong'ona za mkazi wachiwiri.
Uyo wakhala kumbuyoko, yunifomu ya buluu,
akutafuna chivindikiro cha bolopeni.
Kodi ndikamufufute nayenso?

M'khoti munangoti zii.
Fani yokha kudenga inapitiriza kudandaula.

Kenaka anandifunsa ine:
polemba chachiwiricho, sunakumbuke choyamba?
Ndinakumbuka, bwana.
Koma ndalembapo Tikondane zisanu ndi ziwiri m'tauni muno,
Chisomo sindiwerenganso,
ndipo palibe anadzandigwira pakhosi.
Ndinkayesa mwayi uli ngati madzi a Mulunguzi,
aliyense amatunga ndi ndowa yake.
Komanso kunyumba kunalibe ndiwo tsiku limenelo.

Mlandu auimitsa kachisanu.
Fayilo ina akuti ikadali m'njira.

Panja mvula yatsika m'phiri mosapempha.
Tonse tapanikizana pakhonde limodzi,
maloya athamangira m'galimoto zawo.
Mayi Namakhwa asendeza chikwama
kuti kamtsikana kaja kasanyowe,
osayang'ana bambo ake.

Mvula itakata, Che Mkwanda anandikokera pambali:
zikavuta, kufufuta n'kulembanso ndi zingati?
Ndisanafike pa depoti, foni inalira.
Mayi Namakhwa, mawu ali pansipansi:
thabwa lija lingalembedwenso kuseri kwake?

Onse ndawauza mtengo umodzi.
Penti anakwera, sindinawanamize.
Koma dzina latsopano palibe wandiuza,
ndipo usiku uno burashi ili m'chitini cha palafini,
ine ndikungoyang'ana zala ziwirizi,
kuzitalikitsa,
kuziphatikiza.