Chipewa cha Ŵ

Laisensi inatha Lachiŵiri.
Madola amene akufunawo
ndi lendi ya kaofesi kathu ku Kapata, miyezi itatu.

Tiyeseko watsitsa pulogalamu ina, yaulere,
yoti aliyense angaitsegule m'mimba
ngati makanika wa pansi pa mtengo.
A Shawa akupukusa mutu:
"Nsapato yopatsidwa imaluma chala."

Tikuiyesa pa ntchito ya amayi ogulitsa nshaŵa ku Katete:
mtengo wa thumba, batani lobiriŵira,
chala chidine, tsamba litseguke.
Latseguka.
Magetsi athima, abwera, ntchito ilipobe.

Koma ŵ yavula chipewa.

Tiyeseko walembera eni ake, anthu osaŵadziŵa.
M'bandakucha yankho lafika:
"Singano nayi. Tisokere limodzi."