Ng'ala

Ndazimitsa nyali zonse mu labu.
Kwatsala kaulusi kamodzi kobiriwira ka leza,
kolasa madzi m'kabotolo kochepa ngati chala cha khanda.

Ukawayang'ana, ndi madzi basi.
Koma muli mapuloteni amene ndinafinya m'maso a ng'ombe,
maso ogula pabutchala ku Kalingalinga
mwini wake akuseka chikhakhali:
"Amenewa mukaphika bwanji, adokotala?"

Sindiwaona ayi.
Ndimangotchera kuwala kukawagunda n'kumwazika,
ndiye kuphethira kwake kumawaulula.
Aang'ono amanjenjemera mwaphuma;
ogwiranagwirana amadzikoka
ngati maminibasi a pa Great East Road nthawi yoweruka.

Mdani wanga ndi fumbi la Ogasiti.
Kachitsotso kamodzi kakalowa
kamafuula kuposa onse,
tsiku lonse n'kupita pachabe.
Ndasefa katatu. Ndapumira kumbali.

Tsopano ndakweza kutentha pang'ono.
Mzere wa pakompyuta wayamba kukwawa, wakwera,
aitanizana, aundana,
madzi aja achita mbuu.

Mbuu ngati diso lamanzere la amayi,
amene Lamulungu lapitali pageti
anandifunsa mwaulemu kuti, "Mukufuna ndani?"
nandizindikira nditaseka.
Ku UTH anawalembera Novembala.

Magetsi athima.
Kaulusi kaja kaduka, mzere wathera panjira.
M'kolido Zelipa akung'ung'udza,
akufunsa amene wapita ndi kiyi wa jenereta.

Ine sindinadzuke.
Kabotolo kakadali kofunda m'dzanja langa,
ndipo mumdimamu ndikuwerenga ndi zala za dzanja linalo
masabata otsala.