Kathonje Kachikhumi

Tinalowetsa khumi.
Ndinawerenga ndekha, mokweza,
timathonje khumi toyera ngati akakowa a m'dambo la Ndindi.

Magetsi anathima cha m'ma thu koloko usiku.
Jenereta inatsokomola kawiri n'kukhala chete,
ife manja ali m'mimba mwa mayi wa ku Makhanga
amene anawoloka pa bwato, mwana atapingasa.
Fatchi anayatsa tochi ya foni.
Thukuta la Nsanje silidikira dzuwa:
linkatsika m'khosi, kulowa m'magolovesi.

Mwana analira.
Dokotala anafunsa osadzutsa mutu, "Takwana?"
Ndinayang'ana m'beseni, mumdima wofiira,
pakamwa panga n'kuyankha pasanandifunse:
"Takwana."

Nyali zitabwerera ndinawerenganso, sindikudziwa chifukwa.
Zisanu ndi zinayi.
Pansi pa tebulo, palibe. M'ndowa, palibe.
Ulusi unali utayenda kale kanayi.
"Adokotala, imani."
Mawu awiri okha, koma kulemera kwake
ngati mtolo wa nzimbe pa njinga yopanda mpweya.
Anamasula. Kanali komweko, katabisala kuseri kwa chiberekero,
katakhuta magazi, kosasiyana ndi mnofu.

Kutacha, Esinala akundipatsa tiyi anati,
"Mayi ali moyo, mwana akuyamwa.
Ulemberanji? Ukufuna dzina lako liziyenda m'maofesi?"
Ndinamumva. Inenso ndili ndi lendi,
ndi ana awiri a malemu mchemwali wanga.

Fomu ija ilibe chifundo, ilibenso mkwiyo.
Imangofunsa: chinachitika n'chiyani, nthawi yanji,
chikanaletsa n'chiyani.
Ndinalemba za dizilo amene anathera m'ambulansi.
Ndinalemba kuti tochi ya m'fiyeta inafa mwezi wa Juni.
Ndinalemba kuti ndinali pa ola lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi.
Cholembera chinaima.
Kunja wogulitsa nyika ankaitanira pa geti.
Ndipo ndinalemba mzere umene unkandiwotcha:
namwino ananena kuti takwana asanaone bwino.
Namwinoyo ndine, Fostina Alufandika.

Lachinayi tinakhala m'kachipinda ka fani yolira.
Palibe analoza chala.
A metironi anawerenga pang'onopang'ono,
Fatchi n'kunena, maso ali pansi,
kuti chaka chatha zinatsala pang'ono kumuchitikira,
sanauze munthu.

Tsopano pakhoma pali bolodi.
Owerenga ndi awiri, wina kutchula, wina kuvomera.
Mdima ukagwa, singano imaima.
Tochi ziwiri zapachikidwa pa msomali,
imodzi yayamba kale kuphethira;
ndailembera fomu yake.

Mayi uja anatuluka Loweruka.
Ndinamuuza zonse m'Chisena changa chothyokathyoka.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pa bala,
sanati takhuta, sananditukwane.
Anangofunsa ngati angathe kukolola mapira chaka chino,
n'kubereka mwana,
kutsikira ku doko madzi asanakwere.